Asilikali Omira a Zephaniah Daka

Zephaniah Daka anabwera ku Kabwe tauniyi ikadali kutchedwa Broken Hill. Anachokera ku Petauke pa lole yonyamula mtedza, ali ndi bulangete limodzi, nsapato za amalume ake, ndi kabuku ka katekisimu kamene amake anakasokera chikuto cha nsalu. Ntchito yake yoyamba pa mgodi inali yokokola miyala ndi fosholo pansi pa nthaka. Pambuyo pake anamuika m'nyumba ya nyale, mmene anthu otsika amalandirira nyale zawo. Dziko litalandira ufulu, azungu atayamba kulongedza, kapitawo wina anaona kuti mnyamata wa kummawayu sagwira chinthu asanawerenge pepala lake, ndipo anamutumiza kukaphunzira kuyendetsa injini ya chikepe.

Chikepe ndi khola lachitsulo lopachikidwa pa chingwe, limene limatsitsa anthu m'dzenje ndi kuwakweza. Woliyendetsa saliona ndi maso. Amakhala m'nyumba ina, manja ali pa zitsulo zowongolera, makutu ali ku belu. Munthu woima pakamwa pa dzenje akaliza belu, kaliridwe kake ndiko kamanena kuti tsitsa, kweza, ima, kapena kuti muno muli anthu. Zonsezi zinalembedwa m'buku la malamulo, ndipo a Daka analiloweza bukulo monga analowezera katekisimu. Zaka zoposa makumi awiri anakhala pa mpando umenewo, ndipo palibe munthu amene anathyoka ngakhale chala chifukwa cha iwo.

Ku Kasanda, kumene ankakhala m'nyumba ya mgodi ndi akazi awo a Lyness, aliyense ankadziwa khalidwe lawo. Akagula wailesi, inkakhala m'bokosi mpaka atamaliza kuwerenga kapepala kake. Akalandira mankhwala ku chipatala, ankawerenga botolo lonse, ngakhale dzina la tauni kumene anawapangira. Ku mpingo wa Reformed anali mkulu, ndipo mkangano uliwonse ankauthetsa ndi funso limodzi: "Nanga buku likuti bwanji?" Munthu amalakwa, iwo ankatero, koma chimene chadindidwa chinadutsa m'manja mwa anthu ambiri odziwa. Ukasemphana ndi buku, yang'ana mutu wako.

Mwana wawo wamkazi, Annet, anakwatiwa ndi Langford Njobvu, mnyamata wa ku Petauke komweko, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya mgodi. Anali mkamwini wolemekeza mwa chikale. Akakumana ndi apongozi ake pa msewu ankatsika njinga, n'kupatukira m'mbali, n'kunjuta. Sankadya nawo mbale imodzi. Akafuna kuwauza kanthu, mawu ankadzera kwa Annet, ngakhale onse atakhala m'chipinda chimodzi. A Daka ankanyadira zimenezi, ndipo nawonso ankasunga mbali yawo. Mpongozi safunsa nzeru kwa mkamwini, ndipo mkamwini sawongola mpongozi.

M'chaka cha 1988 Langford anatumizidwa ku Ulaya kukaphunzira. Atabwerako anapatsidwa nyumba kumayadi a ku Highridge, ndipo m'katundu wake munali kompyuta. Kanali kabokosi kakuda kokhala ndi mabatani, kolumikiza ku tivi. Masewera ake anali pa kaseti ngati nyimbo. Ukaika kasetiyo, inkalira mokuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo kwa nthawi yaitali, kenako pa galasi pankaoneka dziko.

Lamulungu lina ataweruka ku tchalitchi, a Daka ndi akazi awo anapita kukaona mdzukulu. Langford anawayatsira tivi, n'kubwerera kukakhala pa kampando pafupi ndi chitseko.

"Uwauze atate kuti awa ndi masewera olamulira dziko," anatero kwa Annet. "Munthu amadzala mbewu, amadzaza nkhokwe, amamanga linga, amatumiza asilikali. Akalamulira bwino, anthu amachuluka."

A Daka anayang'ana timadontho toyenda pa galasipo, timene Annet anati ndiwo asilikali. Sanaseke.

"Umufunse ngati chinthuchi chili ndi buku."

Langford anazengereza pang'ono. Kenako analowa kuchipinda, nabwera ndi kabuku konyezimira, kokhala ndi chithunzi cha mfumu pa kavalo. Anagwada, nakapereka ndi manja awiri, maso ali pansi. Anatsegula pakamwa ngati afuna kunena kanthu, koma anangobwerera ku kampando kake.

A Daka anapita nako kabukuko ku Kasanda. Madzulo aliwonse akaweruka ankakhala pakhonde, magalasi ali pamphuno, chala chikuyenda pansi pa mizere. Chingerezi chake sichinali chovuta. Chimene chinawadabwitsa ndi kalankhulidwe kake. Buku la chikepe likati ima, ndiye kuti ima. Koma ili linkati, "Mfumu yanzeru imasunga anthu ake ali okondwa," osanena kuti imawakondweretsa ndi chiyani. Linkati, "Asilikali achuluke, koma asachuluke kwambiri." Linkati, "Menyani nkhondo pa nthawi yoyenera."

"Amake Annet, nthawi yoyenera ndi nthawi yanji?"

"Ya chiyani?"

"Ya nkhondo."

"Kwa inu ndi nthawi ino yodya, ndiwo zazizira," anayankha a Lyness.

Komabe zina zinalembedwa mosabisa. Kuti mbewu zilowe m'nkhokwe, dinani batani lachitatu. Kuti asilikali awoloke mtsinje, apititseni pa mtengo waukulu umene uli pa mapu, pamenepo madzi ndi osaya. Izi a Daka anazigwira. Masiku amene ankagwira ntchito ya mmawa, akaweruka ankapalasa njinga kukwera ku Highridge, podziwa kuti Langford ali ku ofesi. Annet ankawaikira kaseti, n'kupita kukachapa matewera.

Ulendo woyamba anadzala, anakolola, anadina batani lachitatu. Kabokosi kanalira kuti pii, ngati kavomera. Chaka cha m'masewera chitatha, pa galasi panalembedwa kuti nkhokwe zilibe kanthu, ndipo anthu awo ambiri afa ndi njala. A Daka anachotsa magalasi, nawapukuta. Ndadina lolakwika, anaganiza. Anayambanso. Anadina batani lachitatu akuliyang'anitsitsa. Anthu anafanso.

Ulendo wina anasiya za nkhokwe, nayesa nkhondo. Anatsogolera asilikali awo bwinobwino mpaka pa mtengo waukulu, nawalowetsa m'madzi. Timadontho tija tinazimirira kamodzikamodzi, mpaka tonse tinatha. Pansi pake panabwera mawu akuti, "Anthu anu amira."

"Atate, zikuyenda?" Annet anafunsa ali kukhitchini.

"Zikuyenda, mama," anatero, nazimitsa tivi.

Kwa munthu wina zikanakhala zoseketsa. Koma a Daka anali asanauzidwepo m'moyo wawo kuti anthu awo afa. Poyamba anakwiyira bukulo, ndipo a Lyness anawamva akulikalipira pakhonde kuti, "Lankhula zomveka, iwe!" Mkwiyowo sunakhalitse. Buku lodindidwa ku Ulaya, la pepala lonyezimira chotere, lingalembe mtengo pamene palibe powolokera? Ngati buku silinalakwe, wolakwa ndi wowerenga. Mwina akudumpha mzere osadziwa. Mwina maso akuona lachitatu pamene chala chili pa lachinayi. Mwina akuwerenga bwino, koma pofika ku Highridge mutu wasokoneza kale.

Ndipo apa anakumbukira a Abel Sakala.

A Abel ndiwo anawaphunzitsa injini. Anali munthu wa makutu akuthwa, woti ankadziwa amene akuliza belu pongomva dzanja lake. Koma atakula anayamba kuiwala tinthu tating'ono, chipewa, dzina la mnzake, njira ya ku msika. Sanauze munthu. Tsiku lina anaimitsa chikepe pakati pa dzenje muli anthu, n'kungokhala chete akuyang'ana manja awo, osakumbukira ngati anali kukweza kapena kutsitsa. Palibe anavulala, koma anawachotsa tsiku lomwelo. Ena ankati ndi ukalamba, ena ankati ndi fumbi la mtovu limene limauluka kuchokera ku milu ya mgodi n'kugwera m'mabwalo a ku Kasanda. Tsopano ankakhala kwa mwana wawo ku Makandanyama, pansi pa mtengo wa mango, akugogoda kapu yachitini ndi supuni ngati akuliza belu.

A Daka anayamba kudziyesa okha. Popita ku ntchito ankanena mayankho a katekisimu chamumtima, ndipo onse ankabwera. Koma a Abel nawonso ankaimba nyimbo za m'buku osaphonya liwu. Pa injini, belu likalira, ankayamba kudzifunsa ngati amva bwino. Dzanja limene kale linkayenda lokha linayamba kudikira. Tsiku lina mnyamata wina wotuluka m'chikepe anafuula mwanthabwala kuti, "Mudala, lero mwatiyendetsa ngati maliro!" Anzake anaseka.

A Daka anabwereranso ku Highridge kangapo, akudziuza kuti akawolotsa asilikali kamodzi kokha ndiye kuti mutu uli bwino. Asilikali anamira ulendo uliwonse.

Lachisanu lina madzulo anaitana akazi awo, nawauza kuti akhale pansi.

"Lolemba ndikukaonana ndi kapitawo. Ndikutsika pa injini."

A Lyness anaika pansi lichero la nyemba limene ankasankha.

"Mwalakwa chiyani?"

"Sindinalakwe. Ndikufuna nditsike ndisanalakwe. Mutu wanga wayamba za a Abel."

Anawafotokozera zonse, za nkhokwe, za mtengo, za asilikali. A Lyness anamvetsera osadula mawu. Ankadziwa tanthauzo lake. Pa msinkhu umenewo, munthu wotsika pa injini chifukwa cha mutu sapatsidwa ntchito ina. Nyumba ndi ya mgodi. Ndiye kuti kusiya mipesa ya mphonda imene anadzala kuseri, kusiya chigwirizano cha amayi, kusiya mdzukulu, n'kubwerera kumudzi kumene anzawo ambiri anali kale kumanda.

"Zonsezi chifukwa cha tizidole ta mu tivi?"

"Si tizidole. Ndi malangizo olembedwa, ndipo ine ndikulephera kuwatsata. M'chikepe mumakwera ana a anthu."

"Mwamufunsa Langford?"

"Ndifunse mkamwini? Ndimuuze kuti apongozi ako mutu wafa? Iwe, mkazi iwe."

"Nanga Annet?"

"Mwana asadziwe."

A Lyness anatola lichero, namaliza kusankha nyemba. Mmawa mwake anati akupita kukaima pa mzere wa ufa, koma anakhotera ku nyumba ya a Beston Chisanga.

A Beston ndiwo ankaliza belu pakamwa pa dzenje nthawi ya a Daka. Anali Mbemba wa ku Kasama, wamfupi, wa mawu ngati lipenga, wosuta fodya wopichira yekha m'mapepala a nyuzi. Pakati pa Abemba ndi anthu a kummawa pali chimbuya. Amanyozana pa msika, amapakana ufa pamaliro, ndipo mbuya akhoza kuuza mfumu kuti ili ndi mphuno yokhota, mfumuyo n'kungoseka. Chimene mkamwini sanganene, chimene mkazi amanena mozungulira, mbuya amachinena ali chiimire.

Dzuwa lisanafike pamutu, a Beston anali pa geti akuliza belu la njinga.

"Odi kwa odya mbewa! Ndamva kuti mbewa za ku Petauke zatuma uthenga, zikuti bwerani atate, tanenepa!"

A Daka anayang'ana akazi awo. A Lyness anali otanganidwa kwambiri ndi kusesa pamalo posesa kale.

"Choka pakhomo panga, iwe wodya anyani," anatero a Daka, koma mawu anali ofooka.

"Awe, sindichoka. Ndabwera kudzaona mutu wofa. Uli kuti? Ndi uwu? Ba Daka, mutu uwu unafa kale tsiku limene munabadwa, nanga lero mwadzidzimuka chiyani?"

"Si nkhani yoseka, Beston."

"Ine ndikuseka? Amene amaliza belu lija ndine. Mukatsika, andipatsa kamnyamata ka ku sukulu kamene kamayendetsa chikepe ngati basi ya ku Kapiri. Ndili ndi ana, ine." Anakhala pa khonde osaitanidwa, natenga kabuku kaja, nakatembenuza uku ndi uku. "Ndi aka? Pepala labwino. Lingapse bwino ndi fodya."

"Bweretsa kuno!"

"Ndifunseko. Chingwe chatsopano chikabwera pa mgodi, chili ndi mapepala ake onse, zidindo mbwee, timakwezamo anthu tsiku lomwelo?"

"Ayi. Timayamba tayendetsa chikepe chopanda anthu."

"Chifukwa?"

"Buku limatero."

"Ehe! Ndiye buku lanu lomwe limakuuzani kuti musakhulupirire pepala musanayese. Nanga aka munakayesa ndi dzanja la munthu wina? Kapena mwangodziweruza nokha, woimba mlandu inu, mboni inu, wopachika inu? Kwerani njinga. Tikamuone mkamwini wanu wa mataye uja."

"Sindingamufunse."

"Ndani wati mumufunse? Inu mukakhale ngati chitsa. Pakamwa ndabweretsa ine."

Anapalasa onse awiri kukwera ku Highridge, a Lyness ali pa kaliyala ya amuna awo. Linali Loweruka, ndipo Langford anali pabwalo akutsuka galimoto. Ataona apongozi ake anasiya ndowa, nathamangira m'nyumba kukavala malaya. Pamene alendo ankakhala pansi, iye anali kale pa kampando kake ka pachitseko.

A Beston sanadikire ngakhale madzi akumwa.

"Iwe Njobvu, njobvu yopanda minyanga, tamvera. Masewera akowa umawatha?"

"Ndimayesako, ba Chisanga."

"Asilikali ako amawoloka mtsinje?"

"Amawoloka."

A Daka anaweramitsa mutu. A Beston anakweza kabuku m'mwamba.

"Umawolotsa ndi buku ili?"

Langford anayang'ana Annet, anayang'ana pansi, anayang'ana denga.

"Usayang'ane mkazi wako, yang'ana ine. Ine si mpongozi wako. Ine ndine mbuya wako, ukanama ndikuvula nsapato ndipite nazo."

"Buku limenelo," Langford anayamba, mawu ali pansi, "silithandiza kwenikweni."

"Kweza mawu, kuno kuli okalamba!"

"Ndi labodza, ba Chisanga. Ndikuganiza kuti analilembera masewera oyamba, ndiye atasintha masewerawo buku sanalisinthe. Batani lachitatu siliika mbewu m'nkhokwe, limagulitsa zonse kwa amalonda. Pa mtengo paja ndi pakuya. Powolokera pali kumtunda, pamene pali miyala, ndipo m'buku mulibemo. Ine ndinavutika nalo miyezi ku Ulaya. Mzungu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anaponya lake pa windo. Tinadziwa njira pongoyesayesa."

Mdzukulu uja ankayamwa chala mokweza.

"Ndiye iwe," anatero a Beston pang'onopang'ono, "unapatsa mdala uyu buku labodza, utagwada, ndi manja awiri?"

"Anapempha buku. Ndikanati bwanji? Ndikanati atate, buku limene mukufunali ndi lopanda pake? Ndinaganiza kuti aliwerenga tsiku limodzi n'kulisiya. Tsiku lina ndinabwera msanga, ndinawaona pa windo akulowetsa asilikali pa mtengo paja. Ndinafuna kulowa. Koma kukanakhala kuwawongola. Ndinabwerera, ndinakakhala m'galimoto mpaka atapita."

"Mwamva anthu a kummawa!" a Beston anawomba m'manja. "Wina akumira, wina waima pa mtunda ndi chingwe, akuti pepani, ulemu sundilola kuponya! Ukudziwa kuti Lolemba mdala uyu amakasiya ntchito? Akuti mutu wake wafa chifukwa asilikali ako sadziwa kusambira!"

Annet anagwira pakamwa. "Atate! Inu mumati zikuyenda!"

Langford anatsika pa kampando, nagwada pansi penipeni.

A Daka anali asanalankhule chilowereni. Mtima unkafuna kukhulupirira, koma ankadziwa kuti mkamwini waulemu akhozanso kunamizira buku kuti apulumutse nkhope ya mpongozi. Anatembenukira kwa Annet.

"Umuuze ayatse. Beston awerenge buku mzere ndi mzere, iye azidina zimene buku lanena. Ine ndingoyang'ana."

Kaseti inalira kulira kwake kwa nkhumba. A Beston anaima pakati pa chipinda, kabuku kali patali ndi maso, akuwerenga Chingerezi mofuula ngati akulengeza pa msonkhano wa chipani. Langford anadzala, anakolola. "Batani lachitatu!" Langford anadina. A Daka anadzuka pa mpando, nasendera pafupi, maso ali pa chala cha mkamwini. Linali lachitatu ndithu. Kabokosi kanati pii. Chaka chitatha, nkhokwe zinali zopanda kanthu, ndipo anthu a Langford anafa ndi njala monga ankafera a iwo.

"Tsopano mtsinje," anatero a Daka, osadzeranso kwa Annet.

"Pa mtengo waukulu madzi ndi osaya!" anawerenga a Beston.

Timadontho tinafola kupita pa mtengo. Tinalowa m'madzi. Koyamba kanazimirira, kachiwiri, kachitatu.

Phokoso limene linatuluka m'kamwa mwa a Daka, a Lyness anali asanalimvepo chikwatiwireni. Linayamba ngati chifuwa, kenako linasanduka kuseka, kuseka kogwira m'mimba, misozi ikutsika m'masaya. Mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pa msewu, anali kuloza pa galasi akufuula kuti, "Amira! Amake Annet, taona, amira onse! Ake nawonso amira!"

"Ambuye akukhululukireni, mukusangalala anthu akumira," anatero a Lyness, koma nawonso ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Atapuma, a Daka anakhala pansi, natulutsa mpweya wautali ngati munthu amene watula thumba la chimanga. Ndiye kuti sanadumphe mzere. Chala sichinaphonye. Masabata onse aja ankachita ndendende zimene zinalembedwa, ndipo n'chifukwa chake anthu ankafa.

Kenako mkwiyo umene anaukwirira tsiku loyamba lija unadzuka.

"Koma munthu amene analemba ichi ali ndi amake? Amagona tulo? Ukalemba kuti pano m'posaya, pali anthu amene adzalowapo! Nthawi yoyenera, nthawi yoyenera, osanena kuti ndi iti! Akanakhala wa mpingo wathu, akanakhala pa bwalo la akulu Lachitatu lomwe lino."

"Mukanamudula mgonero," anatero a Beston.

"Chaka chathunthu!"

Langford anali chigwadire. A Daka anamuyang'ana nthawi yaitali. Mnyamatayo sanachite china koma chimene makolo anamuphunzitsa, ndipo iwonso anachita chimodzimodzi.

"Langford," anatero. Kanali koyamba kumutchula dzina pamaso pake. "Dzuka, mwana wanga. Bweretsa kampando kako apa. Undionetse pamene pali miyala."

Langford anayang'ana Annet ngati akupempha chilolezo. Ananyamula kampando, nakaika pafupi ndi apongozi ake, koma osati pafupi kwambiri. Masana amenewo asilikali a Zephaniah Daka anawoloka mtsinje koyamba. Kutsidya anakumana ndi adani, nagonjetsedwa onse, chifukwa za nthawi yoyenera ngakhale Langford sankazidziwa bwino. A Daka sanadandaule.

Pobwerera anatsika njinga pa mtunda wa ku Kasanda, nayenda pansi. A Beston anatambasula dzanja.

"Malipiro anga. Kabuku kaja."

"Buku siling'ambidwa."

"Ngakhale labodza?"

A Daka anaima. Anatulutsa kabuku m'thumba la jekete, nakatsegula, napeza tsamba la mapu, lokhala ndi mtengo waukulu m'mbali mwa mtsinje. Anazengereza, pakuti chibadwire anali asanang'ambepo tsamba lodindidwa. Kenako analing'amba bwinobwino motsata msoko, nalipereka.

"Ili lokha. Ena ndikufuna ndiwayese kaye limodzilimodzi."

A Beston anapichira fodya pomwepo, nayatsa, nakoka utsi, natsokomola mpaka kugwira njinga.

"Awe, ba Daka, ngakhale kusuta silisutika. Bodza lokhalokha."

Lamulungu ataweruka ku tchalitchi, a Daka anadzera ku Makandanyama, nakakhala ndi a Abel pansi pa mango. A Abel sanawazindikire, koma anagogoda kapu yawo ndi supuni, ndipo a Daka anayankha kuti, "Ndamva, akulu, ndikukweza." Nkhalambayo inamwetulira. A Daka anadziuza kuti tsiku limenelo likadzafika kwa iwo, adzatsika okha pa injini, koma adzayamba afunsa anthu.

Lolemba mmawa sanapite ku ofesi ya kapitawo. Anapachika jekete pa msomali wake, napukuta zitsulo zowongolera ndi kansalu, nakhala pa mpando. Kunja anthu anali kulowa m'chikepe, nyale zili pa zipewa. Belu linalira, ndipo analidziwa dzanja la Beston, lofulumira ngati pakamwa pake. Muli anthu, tsitsa. Dzanja la a Daka linayenda lokha, chingwe chinayamba kutsika mosalala, ndipo ku Kasanda a Lyness anali kuthirira mphonda zawo.